Akumuyerekeza ndi chiyani?

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya mawu a Chingerezi onyozera mwamuna amene akuti uchamuna wake ndi wosakwanira: sissy, wimp, wuss, pansy, milksop, mollycoddle, nancy boy, namby-pamby. Ambirife tinawaloweza ngati mulu umodzi, pambali pake n'kulemba kuti "wamantha", basi. Koma wamantha ali nalo kale dzina lake m'Chingerezi, ndi coward, ndipo mkazi naye amatchedwa coward popanda chodabwitsa. Mawu enawa ntchito yawo ndi ina. Amamuzula mwamuna pakati pa amuna anzake n'kukamukhazika kwina: kwa akazi, kwa makanda, kapena pa zinthu zofewa. Ndiye pa liwu lililonse funso ndi limodzi lokha: munthuyu akumuyerekeza ndi chiyani?



Yambani ndi sissy. Linachokera ku sis, chidule cha sister, ngati mmene ife timanenera kuti asisi. Pakati pa zaka za m'ma 1800 ku America linali liwu loitanira mlongo kapena kamtsikana, lopanda choipa. Pofika kumapeto kwa zaka zomwezo anali atayamba kuliponya kwa anyamata, ndipo mphamvu yake yonse ili pomwepo: mnyamata akuitanidwa ndi dzina la mlongo wake. Mukaona zimenezi, ena onse amayamba kudzimasula okha. Nancy ndi dzina la mkazi. Jessie ndi dzina la mkazi, ndipo ku Scotland big jessie ndi mwamuna wolobodoka. Molly ndi dzina lachibwana la Mary. Kumpoto kwa England amafika pomutcha munthu big girl's blouse, bulauzi ya mtsikana, ndipo ndi mawu amenewa omwe Boris Johnson, ali nduna yaikulu ya Britain, anaponyera mtsogoleri wotsutsa boma Jeremy Corbyn m'nyumba ya malamulo mu September 2019. Arnold Schwarzenegger ali bwanamkubwa wa California anatcha aphungu otsutsana naye girlie men mu 2004. Pa mawu onsewa chitonzo chimagwira pokhapokha womvayo atavomereza kuti kufanana ndi mkazi n'kutsika. Ndi chifukwa chake mkazi amene ali pomwepo amapwetekeka nawo, ngakhale sakunena iye.

Molly ndiye ali ndi mbiri yolemera. Ku London m'zaka za m'ma 1700 kunali nyumba zotchedwa molly houses, kumene amuna okondana ndi amuna anzawo ankakumana mobisa. Mu 1726 a zachitetezo anathyola imodzi mwa nyumbazi, ya mayi wina dzina lake Margaret Clap, ndipo amuna atatu ananyongedwa ku Tyburn, malo onyongerako anthu ku London, chaka chomwecho pa mlandu wogonana amuna okhaokha. Mollycoddle ndi molly kuphatikiza coddle, kutanthauza kuphika dzira m'madzi otentha koma osawira, komanso kusasatitsa munthu. Theodore Roosevelt, ali pulezidenti wa America, polankhula ku yunivesite ya Harvard mu 1907 anati sukulu zisamatulutse ma mollycoddle m'malo mwa amuna amphamvu. Lero liwuli mumalimva kwambiri ngati verebu, to mollycoddle a child, kusasatitsa mwana, wamwamuna kapena wamkazi, ndipo ululu wake unatha. Mungalilembe m'nkhani ya pa mayeso osaopa.

Gulu la makanda n'losavuta. Milksop ndi buledi wonyika mumkaka, chakudya cha khanda kapena wodwala, ndipo liwuli linalipo kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Masiku ano mudzalipeza m'mabuku akale, pamsewu ayi. Mwamuna wosachoka pa chitenje cha mayi ake ndi mummy's boy ku Britain, mama's boy ku America. Namby-pamby linayamba ngati dzina lonyozera wolemba ndakatulo Ambrose Philips, yemwe ankalembera ana a anthu olemera timavesi. Henry Carey ndi amene analipanga m'zaka za m'ma 1720, kutchula Ambrose ngati mmene mwana wophunzira kulankhula angatchulire. Tsopano limagwira kwambiri pa zinthu: malamulo opanda mano, chilango chofewa.

Umboni umene unanditsimikizira kuti nkhani si mantha uli pa wimp. Mu October 1987 magazini ya Newsweek inaika George H. W. Bush, yemwe pa nthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, pachikuto ndi mutu wonena za wimp factor. Koma Bush anali woyendetsa ndege yankhondo, ndipo ndege yake inawomberedwa n'kugwera m'nyanja ya Pacific mu 1944. Munthu wotereyu palibe akanamutcha coward anthu n'kukhulupirira. Chimene ankanyoza ndi mawu ake opyapyala, ulemu wake, ndi kukhala wachiwiri kwa Ronald Reagan zaka zambiri osamutsutsa. Wimp ndi kaonekedwe ndi kamvekedwe. Ndi lopepukanso kuposa anzake: munthu amadzinena yekha kuti I wimped out, kutanthauza kuti anabwerera m'mbuyo nthawi itakwana, ndipo mkazi amatha kudzinena chomwecho. Wuss ali pafupi pomwepo, koma ndi wa pakamwa, si wolemba.

Njira yanga ndi imeneyi, ndipo ndimaikhulupirira kuposa kuloweza kwa mtundu uliwonse. Pezani kumene liwu linachokera mu dikishonale yofotokoza chiyambi cha mawu. Mukapeza chimene munthu akuyerekezedwa nacho, tsegulani dikishonale ya ophunzira, muwerenge timawu tating'ono tolembedwa tanthauzo lisanayambe: informal, dated, disapproving, offensive, taboo, komanso ngati ndi la ku Britain kapena ku America. Timawu timeneti ndi tomwe ambiri timadumpha, chonsecho ndi tomwe timakuuzani ngati liwulo mungalitulutse pakamwa. Kenako dzifunseni ngati liwulo linasendera ku nkhani ya amuna okondana okhaokha. Ndikanakonda mawu onse a Chingerezi aphunzitsidwe motere, ngakhale a zaulimi.

Apa ndi pomwe anthu amagwa. Pansy ndi duwa, dzina lake linachokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza ganizo, ndipo wophunzira akaona duwa amayesa ndi chitonzo chofewa ngati wimp. Si choncho. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 pansy ndi liwu lotukwanira amuna okondana ndi amuna, chimodzimodzi nancy boy. Ku South Africa moffie, lochokera ku Afrikaans koma lomveka m'Chingerezi cha kumeneko, ndi la mtundu womwewo. Amene mukugwira ntchito ku Britain dziwani kuti Equality Act ya 2010 imaletsa kuzunza mnzanu pa ntchito ndi mawu okhudza zimenezi, ndipo zilibe kanthu kuti wonenedwayo ndi wotero kapena ayi. Kunena kuti "ndimangocheza" sikumuombola munthu. Sissy ali pakatikati, kwa ena ndi la ana a pulayimale, kwa ena limaluma ngati pansy, ndiye ndi bwino kulidziwa pomva kusiyana ndi kulinena.

Chondipweteka n'chakuti zonsezi bwenzi titazidziwa kale. Aphunzitsi ambiri amangolemba mawu ofanana matanthauzo pa bolodi, awiriawiri, ana n'kukopera. Ndikumvetsa kuti mphindi 40 sizikwanira ndipo kalasi ndi yodzaza, komanso mphunzitsi amachita manyazi kutchula mawu ena pamaso pa ana. Koma ana omwewo akuwamva m'mafilimu ndi pa Facebook, akuwanena osadziwa kulemera kwake. Madikishonale ang'onoang'ono a m'thumba nawo amachotsa timawu tochenjeza tija pofuna kusunga malo.

Kumasulira m'Chichewa kumavuta chifukwa ife chitonzo timachiika pena. Henpecked ndi tambala wojomphedwa ndi thadzi, mwamuna wolamulidwa ndi mkazi wake. Ife timati anadya khuzumule. N'zoyandikana, koma Mngerezi akuseka mwamunayo kuti ndi wofooka mwa iye yekha, pomwe ife tikuloza chala mkazi kuti anathira mankhwala m'ndiwo. Crybaby amafanana ndi mawu amene mwana wamwamuna amauzidwa akagwa, akuti mwamuna salira, kungoti ife timanena ngati lamulo, iwo ngati dzina.

Pomwe ndayima ndi pa mawu a pa intaneti. Cuck ndimamutha, ndi chidule cha cuckold, mwamuna amene mkazi wake akuyenda ndi wina, kuchokera ku mbalame ya cuckoo yoikira mazira m'chisa cha inzake. Koma beta ndi simp sakumuyerekeza munthu ndi mkazi kapena khanda. Beta akumusiya pakati pa amuna pomwepo, kungomutsitsa pamzere, pansi pa mwamuna wapamwamba wotchedwa alpha, pomwe simp ndi mwamuna wodzitsitsa mopitirira kwa mkazi amene akumufuna. Funso langa lija pamenepa likuoneka ngati likuterereka, kapena mwina likufunika lina lachiwiri loti akumuika pansi pa yani. Ndikasinkhasinkhanso zoti mwana wa Folomu 3 afotokozeredwe pansy ndi moffie m'kalasi kuti asawanene mosadziwa, kapena kuti kutero n'kumupatsa mwala m'manja, maganizo anga amakhala uku lero, mawa uko.