Juzi ya gogo wa ku Dunedin

Chithunzi chija mwachiona kale, ine nditavala juzi yapinki yamaluwa pachifuwa, ndiye musanathire mchere wanu ndifotokoze ndekha.

Ndinali ku Auckland, pachilumba cha kumpoto cha New Zealand, atandituma ku Dunedin, pachilumba cha kumwera. Mwezi wa July. Ine wobadwira ku Chikwawa, kumwera ndimakudziwa: Nsanje, thukuta, kugona pakhonde. Kozizira ndi kumpoto, ku Mzuzu ndi ku Nyika. Jekete ndinaisiya pabedi, n'kulongedza makabudula atatu.

Pasitima yapamadzi yowoloka kuchokera ku Wellington kupita ku Picton, pachilumba cha kumwera, maola atatu ndi theka, ndinati ndi mphepo ya panyanja chabe. Mapiri oyera mbee pamwamba ndinati ndi mitambo. Pofika ku Dunedin m'pamene ndinamva kuti kutsogolo kwake kulibe Nsanje, kuli Antarctica.

Lamlungu ndinalowa m'tchalitchi cha Presbyterian, poti mzindawu anauyambitsa ndi Askotishi mu 1848, abale awo a amene anatsegula mishoni ya Blantyre. Kunena zoona ndinkatsata kofunda. Nyimbo itayamba, mano anali gwedegwede, mawondo akuombera m'manja okha, mawu akunjenjemera ngati mbuzi yoona mpeni. Gogo wina anayang'ana miyendo yanga yotuwa ngati chinangwa chouma, n'kufunsa chapansipansi: "Mwana wanga, akubera?" Sanadikire yankho. Anavula juzi yake n'kundiveka ngati khanda, mabatani onse mpaka pakhosi. Manja a juziyo anathera m'zigongono, mchombo uli pamtunda, fungo la mphaka lili guu, ubweya wake ukundilowa m'mphuno. Ndinayetsemula pakati pa pemphero, kanayi. Koma abale, kufunda kwake! Akanati ndikwatire mphakayo ndikanavomera.

Pa tiyi, amuna awo a gogo anandikhazika pansi. Akuti kwawoko ndiko "Mainland", chilumba chachikulu, ndipo golide atapezeka ku Otago, dera limene kuli Dunedin, mu 1861 chuma chinali kwa iwo, mpaka likulu linachoka ku Auckland mu 1865 n'kusendera ku Wellington. Ine ndinangoti inde agogo, koma mumtima ndinati onani, boma lenilenilo linafika m'mphepete mwa nyanja n'kuima pomwepo, silinawoloke. Ndipo mwa anthu anayi alionse a m'dzikomo, atatu amakhala kumpoto, kumene ku Rotorua nthaka imachita kuwira yokha. Ndiye ineyo kulakwa kwanga n'kuwoloka basi.

Wina wa inu wandilembera kale kuti Malawi nayenso ali kumwera kwa equator, kuti July ndi wozizira ngakhale ku Lilongwe, ndipo Nsanje imatentha chifukwa ili m'chigwa. Zikomo aphunzitsi. Tsiku limene munkaphunzira zimenezo ine anandituma kuchigayo.

Juziyo sindinabweze. Ndimavala m'nyumba mokha.