Kutsata mapazi a ng'ombe ku Lizulu

Amalume anandiimbira foni Lachitatu m'mamawa kuti ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo zabedwa usiku, ndipo mapazi ake alowera kutsidya. Kwathu tikati kutsidya sitinena za mtsinje ayi. Timanena mbali inayo ya msewu wa M1, komwe ndi ku Mozambique. Ine nkhani za ng'ombe sindizidziwa, koma amalume akaitana sufunsa kuti ndikathandizeko chiyani. Loweruka ndinakwera minibasi ku depoti ya ku Lilongwe.

Mwezi wa June ku Dedza kumazizira mosaseketsa. Titangopitirira Linthipe aliyense anayamba kutseka mawindo, ndipo pofika pa Bembeke chifunga chinali chitaphimba mapiri. Kuchokera pamenepo msewu umayenda pamsana pa mtunda, ndipo m'malo ambiri malire a mayiko awiriwa amayenda nawo limodzi. Ukamalowera ku Ntcheu, kumanzere ndi kwathu, kumanja ndi kwa eni ake. Pa Lizulu ndinatsikira pakati pa milu ya kachewere, kabichi ndi anyezi. Mayi amene anandigulitsa chimanga chootcha anawoloka msewu kukasintha ndalama kwa mnzake n'kubwerera. Anatuluka m'dziko ndi kulowanso chimanga changa chisanazizire.

Mzere wa malire umenewu unabadwira kutali. Mu January 1890 Angerezi anaopseza Apwitikizi kuti achotse asilikali awo m'chigwa cha Shire, ndipo pa 11 June 1891 maboma awiriwa anasayina pangano ku Lisbon logawana dziko. M'dera lino anatsata madzi: kumene mvula ikagwa imathamangira kunyanja ndi ku Shire n'kwa Angerezi, kumene imatsikira ku Zambezi kudzera mbali ya Tete n'kwa Apwitikizi. Papepala zinali zaudongo. Koma pamsana pomwe madzi amagawanikapo ndi pomwe panali pakati pa ufumu wa Angoni a Maseko. Phiri la Domwe, pamene anakhazikika atabwerera kuchokera ku Songea ku Tanzania, linagwera kwa Apwitikizi, pomwe midzi yawo yambiri inagwera kwa Angerezi. Chaka chomwecho Inkosi Chikuse inamwalira, mpando n'kupita kwa mwana wake Gomani. Palibe anamufunsapo kanthu za Lisbon.

Amalume ndinawapeza atakonzeka kale, atavala jekete lawo la kumaliro.

"Wafika bwino, mwana wa mlongo wanga? Usavule nsapato, tikupita kwa mfumu."

Tinayamba kwa nyakwawa ya mudzi wathu, yomwe inatipatsa nduna yake kuti itiperekeze. Atatu tinawoloka msewu, n'kuyenda ngati ola limodzi m'minda ya kachewere. Mfumu ya kutsidyako inatilandira m'Chichewa chomwechi cha ku Ntcheu, kungoti apo ndi apo mumagwera liwu la Chipwitikizi. Tinakhala pansi, amalume anawomba m'manja, nduna n'kuyala nkhani yonse: mtundu wa ng'ombe, nyanga yopindika ya imodziyo, pomwe mapazi anathera. Mfumu inamvetsera osadula mawu. Kenaka inafunsa amalume za amayi awo, ndipo zinapezeka kuti agogo anga aakazi ndi agogo a mfumuyo anali a mfunda umodzi.

"Ndiye ng'ombezi n'zanga zomwe," inatero mfumuyo. "Bambo, pitani mukagone. Mundipatse masiku awiri."

"Wawa, mfumu," anayankha amalume.

Ine ndinaona ngati tangotayitsidwa nthawi. Amalume anandiyang'ana m'mbali, ndipo ndinatseka pakamwa.

Masiku awiriwo ndinalibe chochita, choncho Lolemba ndinakwera galimoto yolowera ku boma la Ntcheu, kudutsa Mlangeni, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa chipata cha Biriwiri. Ndinkafuna kuona manda a Gomani woyamba, omwe ali chapakati pa Dombole ndi Chiole. Wa njinga yamoto ananditengera pomwepo osafunsa njira. Malowo ndi achete. Pali chipilala chimene Angoni anamanga patapita zaka zambiri mwini wake ataphedwa, ndipo kupatula mbuzi zingapo, ndinali ndekha.

Gomani anaphedwa mu October 1896, atalamulira zaka zisanu zokha. Zaka zoyambazo anazithera pa nkhondo ya pachibale ndi Kachindamoto, mwana wa Chifisi, amene mbumba yake ili ku Mtakataka mpaka lero. Koma chimene chinamudyetsa chinali msonkho ndi anthu. Boma la ku Zomba linkafuna msonkho wa nyumba, minda ya azungu ya ku Blantyre inkafuna antchito, ndipo anthu a Gomani anayamba kutuluka m'manja mwake kupita kukagwira ntchito kumeneko kapena kukakhala pafupi ndi mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Dombole. Kwa mfumu ya Chingoni, anthu ndiwo anali chuma, ndiwo anali asilikali. Ankhondo ake atatentha midzi ya pafupi ndi mishoniyo, boma, lomwe panthawiyo linkagwiriziridwa ndi Alfred Sharpe, linatumiza asilikali. Angoni amasimba kuti atamugwira anakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo, ponena kuti iye ndi mfumu monga momwe Victoria analili mfumu kwawo, ndipo anamuwombera panjira.

Nditaima pamenepo ndinkaganiza za mawu akuti mlandu. M'mabuku a boma, Gomani anali wachiwembu amene anaukira anthu otetezedwa ndi Mfumukazi. Kwa iye, ankalanga anthu ake m'dziko lake. Sindikunena kuti kutentha midzi kunali bwino, ndipo Achewa amene anavutika ndi nthungo za Angoni ali ndi nkhani yawonso, yomwe sitiikamba mokwanira pa mwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo tikamavina ngoma. Koma amene anali ndi mphamvu yotchula kuti uyu ndi wakuba, uyu ndi wopanduka, anali amene anajambula mzere uja. Pambuyo pake munthu wothawa msonkho kuno ankawolokera kutsidya, wothawa chibalo cha Apwitikizi ankawolokera kuno, ndipo aliyense wa iwowa anali wolakwa kumbali imene wachokera.

Madzulo ndinabwerera ku Lizulu n'kupeza agogo, azakhali awo a amalume, akuwotha moto m'khitchini. Maso anafooka koma mutu uli bwinobwino. Nditawauza komwe ndinapita anaseka.

"Wapita kwa bambo, nanga za mwana ukuzidziwa?"

Mu 1953 iwo anali kamtsikana kotumidwa kumadzi. Amakumbukira magalimoto a apolisi, utsi wokhetsa misozi, ndi amayi awo akuwakokera m'nyumba. Zina zonse anazimva kwa akuluakulu, ndipo zimagwirizana ndi zolembedwa. Gomani wachiwiri, Philip, anali mfumu yomwe boma la atsamunda linkaidalira kwa zaka zambiri. Koma itabwera nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anakana, ndipo anauza anthu ake kuti asiye kutsata malamulo a boma a malimidwe. Boma linamuchotsa paufumu n'kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu. Apolisi atabwera kudzamutenga ku Lizulu mu May chaka chimenecho, anthu anatchinga, ndipo mfumuyo, yomwe inali ikudwala kale, inazembetsedwa kuwoloka malire pamodzi ndi mwana wake Willard ndi mbusa wa Chingerezi Michael Scott.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Mfumu ya Angoni inathawira ku Angonia, dziko lotchedwa ndi dzina la anthu ake, kufupi ndi Domwe kumene agogo ake ankalamulira. Sikunali kuchilendo. Koma Apwitikizi anawagwira n'kuwabweza kwa Angerezi. Maboma awiri aja, amene mu 1890 anatsala pang'ono kuthirana nkhondo polimbirana dziko lomweli, pa nkhani ya mfumu yakuda yosamvera anamvana msangamsanga. Scott anapitikitsidwa m'dziko, Willard anamangidwa, ndipo Gomani wachiwiri anamwalira mu May 1954 asanabwerere pampando wake. Willard ndiye anadzakhala Gomani wachitatu.

"Malire amenewa amagona tulo," anatero agogo akukoleza moto. "Amadzuka boma likafuna munthu."

Ndinawafunsa za nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992. Anati pakhomo pawo pomwepa panagona mabanja atatu a kutsidya kwa zaka zingapo, ndipo wina mwa ana amene anakulira pamenepo ndi mlamu wake wa mfumu tinakaiona ija. Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake amalume anandiyang'ana m'mbali.

Lachiwiri dzuwa litapendeka kunabwera mnyamata pa njinga kudzatiitana. Ng'ombe imodzi, ya nyanga yopindika ija, inapezeka m'khola la bambo wina amene anati anaigula kwa anyamata awiri osawadziwa, pa mtengo womwe iye mwini anavomera kuti unali wokayikitsa. Inayo inali itaphedwa kale, ndipo mwina nyama yake inadyedwa pamsika womwe ndinagulapo chimanga uja. Mlandu unakambidwa pansi pa mtengo mpaka mdima. Wogulayo ankafuna kuti abwezeredwe ndalama zake, amalume ankati munthu sagula chake chomwe. Mfumu inagamula kuti ng'ombe ibwerere kwawo, amalume angopereka kangachepe ka msipu ndi nkhuku ya bwalo, ndipo za anyamata awiriwo mafumu a mbali zonse apitiriza kufufuza. Amalume sanakondwe kwenikweni, chifukwa ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Komabe anawomba m'manja.

Tinafika pa M1 cha m'ma 8 koloko usiku, ine nditagwira chingwe, amalume ali pambuyo ndi kamtengo. Tinadikira kuti malole awiri opita ku Blantyre adutse. Ng'ombeyo itaponda phula inaima pakati penipeni pa msewu n'kukana kusuntha, mpaka amalume anachita kuipotokola mchira.