Michira itatu ya liwu loti thronos

Sabata ino aphunzitsi athu a Chigiriki anatipatsa Chivumbulutso mutu 4 kuti tikawerenge kunyumba. Ndinkati ndithana nayo tiyi asanazizire, poti thronos ndi liwu lomwe ndinaloweza kalekale: dzina lachimuna, tanthauzo lake mpando wachifumu. Ndinagona mochedwa.

Chinandikola ndi mchira wa liwuli. Ife Achewa timasintha kumutu, mpando nkukhala mipando, pomwe Mgiriki amasintha kumchira: thronos, thronou, thronō, thronon, ikachuluka thronoi. Mchirawo ndi umene umakuuza ntchito ya dzinalo m'chiganizo. Tsono pa vesi 2 ndinapeza epi ton thronon, pa vesi 9 epi tō thronō, pa vesi 10 epi tou thronou. Mperekezi ndi mmodzi yemweyo, epi, ndipo Baibulo lathu ponseponse limangoti "pa mpando wachifumu". Nanga michira itatu ndi ya chiyani?

Ndinadzaza tsamba lonse la kope pofunafuna chinsinsi chakuya, mwina kukwera pampando, mwina kukhazikikapo. Zinali zanga zokha. Nditayang'anitsitsa mawu oyandikana nawo ndinaona kuti pa vesi 9 liwu loti "wokhala", kathēmenō, lili mu dative (mchira wonena "kwa uje"), mpando nawo uli mu dative. Pa vesi 10 kathēmenou lili mu genitive (mchira wonena "cha uje"), mpandonso chimodzimodzi. Khutu la wolembayo linkangofuna kuti mawuwa aziyendera limodzi, monga ife sitinganene kuti "mipando waukulu". Vesi 2 lokha ndilo layenda njira yakeyake.

Liwu loti thronos limapezeka ka 62 m'Chipangano Chatsopano, ndipo ka 47 ndi m'Chivumbulutso mokha. Si nthawi zonse pamene mpandowo uli wa Mulungu. Akulu 24 a m'mutu 4 womwewu ali nayo yawo, ndipo pa 2:13 Satana ali nawo wake ku Pergamo. Pa Akolose 1:16 thronoi sikutanthauzanso chinthu chokhalapo munthu, koma maulamuliro amene. Apa sindinavutike, pakuti ngakhale kwathu kuno tikati anthu akulimbirana mpando, palibe amene amaganiza za thabwa ndi misomali.

Chomwe ndinalakwa pa mayeso aang'ono Lachinayi n'china. Anatifunsa liwu la mpando umene Pilato anakhalapo pa Yohane 19:13, ine mwachangu ndinalemba thronos. Ndi bēma, mpando woweruzira milandu. Malikisi awiri anapita.