Injini yasamukira kumbuyo kwa dalaivala: kodi MR2 ikubwerera?

Mu Januwale 2025, pa chionetsero cha Tokyo Auto Salon, kampani ya Toyota inatulutsa galimoto yoyesera yotchedwa GR Yaris M Concept. Kuionera patali mungati ndi m'bale wa ma Vitz amene adzaza mumsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Koma injini yake sili kutsogolo. Anaikhazika pamalo pa mipando yakumbuyo, ndipo si ija ya malita 1.6 ya masilinda atatu ya GR Yaris, mtundu waliwiro wa Yaris. Iyi ndi yatsopano, ya malita 2.0, masilinda anayi, yokhala ndi turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini.

Kampani sitaya ndalama kusamutsa injini chonchi pofuna kungosangalatsa maso. Thupi la Yaris ndi chovala chobwereka, ndipo chimene chikuyesedwa m'kati mwake chikuloza ku MR2, galimoto ya mipando iwiri ndi injini yapakati, kumbuyo kwa dalaivala, imene Toyota inkapanga kuyambira 1984 mpaka 2007. Amakaniko athu amaidziwa pang'ono osazindikira: MR2 yomaliza inali ndi injini ya 1ZZ, ya malita 1.8, yomwe ija ya mu Corolla.

Zithunzi za galimoto zoyesera zikayamba kuzungulira pa WhatsApp, musatanganidwe ndi mizere yakuda ndi yoyera imene amamata pathupi. Ntchito ya mizereyo ndi kusokoneza diso basi. Yang'anani kuseri kwa zitseko. Ngati pali mabowo aakulu olowera mpweya, injini ili pakati, chifukwa injini yobisika kumbuyo silandira mphepo yapamsewu ngati yakutsogolo. Kenako yerekezani matayala. Akumbuyo akanenepa kuposa akutsogolo, ndiye kuti kulemera ndi mphamvu zili kumbuyoko. Akafanana onse anayi, n'kutheka kuti ikukoka ndi onse. Kachizindikiro kachikasu pagalasi nthawi zambiri kamachenjeza ozimitsa moto kuti muli batire la magetsi amphamvu, kutanthauza haibulidi (yoyendera mafuta ndi magetsi) kapena galimoto yamagetsi okhaokha.

Vuto lalikulu la injini yapakati ndi kutentha. Pa MR2 zakale rediyeta inali kutsogolo, ndipo madzi ankayenda m'mapaipi aatali odutsa pansi pa galimoto. Mukasintha madzi osatulutsa mpweya bwinobwino, kampweya kotsalira kamakhala pamalo okwera n'kutseka njira, geji n'kumakwera mukukwera chitunda, kenako gasiketi yapsa. Nchifukwa chake anaika timavavu totulutsira mpweya pa rediyeta ndi pa hita, ndipo tonse timayenera kutsegulidwa podzaza madzi. Kwathu kuno onjezeranipo mahampu. Galimoto yotsika chonchi ikagunda mimba pahampu, paipi ikhoza kuphwanyika kapena kuchucha pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa.

China ndi khalidwe lake pokhota. MR2 yachiwiri, imene inatuluka mu 1989, inatchuka ndi kutembenuka mwadzidzidzi. Chimachitika n'chakuti dalaivala akachotsa phazi pa moto ali pakati pa kona, kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala akumbuyo n'kupepuka, ndipo injini yolemera ija imakokera mbuyo kunja. Ganizirani makona a Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, tsiku la chifunga, tala itanyowa. Pamenepo buleki imayenera kugwidwa galimoto ikadali yowongoka, kona isanayambe. Ngati Toyota idzapatse MR2 yatsopano mphamvu ku matayala onse anayi, chidzakhala chisankho chanzeru, ngakhale kuti galimotoyo idzalemerako.

Turbo yokha ndiye ndi mwayi kwa ife akumapiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe mpweya ndi wopepuka, moti injini wamba imataya mphamvu pafupifupi 15 peresenti. Turbo imakankha mpweya wambiri n'kubweza gawo lalikulu la mphamvuzo. Koma imafuna oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo mukaithamangitsa kukwera kuchokera ku Golomoti, isiyeni ilire chiimire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanaizimitse, kuti oyilo asapserere m'kati mwa turbo.