Amalume a ku Amber

Lachinayi usiku, ku Jaipur, m'dziko la India.

Tulo tandithawa, ndipo chimene chatithamangitsa ndi kapepala kamene ndagula masana ano pa chipata cha linga la Amber, makilomita pafupifupi 11 kuchokera mumzinda uno. Pa kapepalako pali mndandanda wa mafumu a fuko la Kachhwaha, limodzi mwa mafuko a Rajput, amene analamulira phiri limenelo uku akutumikira mafumu Achisilamu a Mughal, amene ankalamulira gawo lalikulu la India: Bharmal, Bhagwant Das, Man Singh, Bhau Singh, Jai Singh, Ram Singh, mpaka kufika pa Jai Singh wachiwiri amene anamanga Jaipur m'chaka cha 1727. Ndakawerenga kambirimbiri ndipo mulibe cholakwika chimene ndingaloze ndi chala, koma mtima wanga sukukhazikika nako.

Mkangano unayambika tili m'bwalo la mkati mwenimweni, kumene kunkakhala akazi a mfumu. Mnyamata wotionetsa malo ankalankhula za Man Singh monga mmene munthu amatamandira agogo ake. Anatiuza kuti ameneyu ndiye anayamba kumanga nyumba yachifumuyi m'chaka cha 1592, kuti Akbar, mfumu ya Mughal, anamutuma kukalamulira Kabul, kenako Bihar ndi Bengal, ndiponso kuti anagonjetsa Orissa m'dzina la Akbar yemweyo. Anafotokozanso za mansab, udindo umene ufumu wa Mughal unkaupima ndi nambala, ndipo nambalayo inkasonyeza ulemu wa munthu, malipiro ake, komanso gulu la asilikali okwera akavalo amene anayenera kuwasunga. Man Singh anafika pa 7,000, pamene pa masiku amenewo ankafikapo kwenikweni ana a mfumu. Mnyamatayo atatchula nambala imeneyi anaima kaye kuti tidabwe, ndipo ena tinadabwadi.

Ndi pamenepo pamene bambo wina wachikulire, wa ndevu zoyera, amene anali m'gulu lathu ndi adzukulu ake awiri, anatsokomola mwadala. Iye anati ndi wa ku Udaipur, dziko la Mewar, ndipo anafunsa mofatsa kwambiri kuti, "Mwana wanga, nambala imeneyo anamupatsa ndani? Mfumu imawerengedwa ndi mfumu inzake ngati ng'ombe za m'khola?" Kenako anatembenukira kwa ine, mwina poona kuti ndine mlendo amene sindinasankhe mbali, nayamba kundiuza za Maharana Pratap, mfumu ya Mewar, amene anakana kugwadira Akbar ngakhale linga la makolo ake la Chittor linali litagwa m'chaka cha 1568. Anati m'mwezi wa June 1576, pa mpata wa Haldighati, amene anatsogolera asilikali a Akbar kukamenyana ndi Pratap sanali munthu wochokera kutali ayi, koma Man Singh yemweyu, wa Rajput mnzake. Anatchulanso nthano imene amaikonda kwawo, yakuti Pratap anakana kudyera mbale imodzi ndi munthu amene banja lake linapereka mwana wamkazi kwa Akbar.

Mnyamata uja sanagonje, ngakhale ankayankha mwaulemu woyenera munthu wamkulu. Anati, "Bambo, Pratap anamwalira m'chaka cha 1597, ndipo mwana wake Amar Singh anagwirizana ndi Jahangir, mwana wa Akbar, m'chaka cha 1615. Kodi kusiyana kwake si zaka chabe?" Mkuluyo anapukusa mutu, nati kusiyana kulipo kwakukulu, chifukwa mfumu ya Mewar sinakakamizidwe kukaonekera yokha ku bwalo la Mughal koma inatumiza mwana wake Karan Singh, ndipo sinapereke mwana wamkazi. Mnyamatayo anabweza kuti pa Haldighati pomwepo, kutsogolo kwa gulu la Pratap kunali Msilamu wa mtundu wa Afghan, Hakim Khan Sur, choncho nkhaniyi si yoyera ndi yakuda monga mmene ena amaifotokozera lero. Anaonjeza kuti ndi chuma cha utumiki womwewo chimene Man Singh anamangira kachisi wamkulu wa Chihindu wa Govind Dev ku Vrindavan m'chaka cha 1590, ndipo kuti patangopita zaka ziwiri chichitikire ukwati wa Akbar ndi mwana wamkazi wa ku Amber, Akbar anachotsa msonkho wa jizya umene anthu osakhala Asilamu ankalipira.

Ine ndinali chete nthawi yonseyi, koma ndinazindikira kuti onse awiri akunena za akazi "operekedwa" popanda wina kutchula dzina la mmodzi yekha, chonsecho tinali titaima pakhomo pa zipinda za akazi. Ndiye ndinafunsa funso limene mwina sindikanayenera kufunsa. Ndinati kwathu, pakati pa Achewa, mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo mwini mbumba ndi malume. Tikawerenga motero, Jahangir, amene anabadwa m'chaka cha 1569 kwa mwana wamkazi wa Bharmal, ndi mwana wa ku Amber, ndipo Bhagwant Das ndi malume ake. Shah Jahan, mwana wa Jahangir, nayenso amayi ake anali a Rajput, mwana wa Udai Singh wa ku Marwar. Nanga tsono pamenepa ndani ankatumikira mnzake?

Mnyamatayo anaseka, poyesa kuti ndikuchita nthabwala. Mkulu uja sanaseke. Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako anati kwawo mwana amatenga mtundu wa bambo ake, ndipo mkazi akakwatiwa watuluka m'nyumba ya makolo ake, makamaka akakwatiwa kunja. Anati ana aakazi ankayenda njira imodzi yokha, kuchoka ku Rajasthan, kwawo kwa a Rajput, kupita ku Agra, likulu la Mughal, ndipo zimenezo zokha zikukwanira kusonyeza amene anali pamwamba. Sindinathe kumutsutsa. Dzuwa linali litakula, adzukulu ake ankamukoka dzanja, ndipo tinasiyana pa masitepe osagwirana chanza, ngakhale kuti panalibe chidani.

Sindikudziwa kuti tsopano ndi nthawi yanji. Kunja kwangotsala kulira kwa njinga zamoto. Chimene chikundibwererabe ndi chakuti mndandanda uwu umaonetsa ufumu ukutsika mwadongosolo kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, pamene zinthu sizinayende choncho. Bharmal mwiniwake anapita kwa Akbar m'chaka cha 1562 ali pa mpanipani, chifukwa mwana wa mbale wake ankalimbirana naye mpando mothandizidwa ndi nduna ya Mughal ya m'chigawocho. Ukwati wa mwana wake wamkazi ndi Akbar, umene unachitikira ku Sambhar, unamupulumutsa kwa achibale ake omwe, ndipo mwana wamkaziyo ndiye analipira mtengo wake. Lero mkaziyo amadziwika ndi dzina laulemu la Mariam-uz-Zamani, limene analandira kuchimuna, koma pa kapepala kanga palibe. Kuyambira pamenepo dziko la makolo awo linkaonedwa ngati watan jagir, kutanthauza malo amene mfumu ya Mughal yawasiyira kuti azidya, ndipo mfumuyo ndi imene inkavomereza wolowa ufumu. Man Singh atamwalira ku Deccan m'chaka cha 1614, kutali ndi nyumba imene anamanga, Jahangir analonga Bhau Singh, nadumpha Maha Singh, mdzukulu wobadwa kwa mwana wamkulu. Kapepala kanga kangolemba dzina pansi pa dzina linzake ngati palibe chimene chinachitika.

Koma amene wandikhala pamtima kwambiri ndi Man Bai, mwana wa Bhagwant Das, amene anakwatiwa ndi Salim, yemwe pambuyo pake anadzakhala Jahangir, m'chaka cha 1585. Anali asuweni, ukwati umene kwathu sitingaudabwe. Iye anabereka Khusrau m'chaka cha 1587, ndipo mwanayo atakula anayamba kuonedwa ngati woyenera kulowa m'malo mwa agogo ake Akbar kuposa bambo ake. Mmodzi mwa akuluakulu amene ankamukankhira ku mpandowo anali Man Singh, malume ake enieni. Apa ndiye pamene ndikuona kuti funso langa la masana silinali lopusa kwenikweni, chifukwa munthu amene mwambo wa kwawo umati mwana wa mlongo wake ndi wa mtundu wina, anachita ndendende zimene mwini mbumba aliyense akanachita. Man Bai, ataima pakati pa mwamuna wake ndi mwana wake, anamwa mankhwala a opium ochuluka namwalira Akbar akadali moyo, ndipo Jahangir analemba yekha za chisoni chimene anali nacho. Akbar anamwalira mu October 1605, Salim ndiye analowa ufumu, Khusrau anaukira bambo ake chaka chotsatira, anagwidwa, kenako anamuwononga maso. Malume ake anabwezedwa ku Bengal ndipo sanamupulumutse.

Ndayesa kudziuza kuti ndigone, kuti izi ndi za zaka 400 zapitazo ndipo si za mtundu wanga, koma ndapezeka ndikutsatirabe mayinawo ndi chala. Jai Singh woyamba anatumikira mafumu atatu, Jahangir, Shah Jahan ndi Aurangzeb, ndipo malo amene pakhala Taj Mahal anali a banja lake asanawasinthanitse ndi nyumba zina mumzinda wa Agra. Ndi iye amene anakakamiza Shivaji, mtsogoleri wa a Maratha amene ankalimbana ndi Aurangzeb, kusaina pangano la Purandar m'chaka cha 1665, namulimbikitsa kupita ku Agra, kumene Ram Singh, mwana wa Jai Singh, anamuimira ngati nkhoswe. Shivaji atathawa m'chaka cha 1666, mkwiyo wa Aurangzeb unagwera Ram Singh, amene pambuyo pake anatumizidwa ku Assam nakagonja pa nkhondo ya Saraighat m'chaka cha 1671. Jai Singh anali atamwalira kale ku Burhanpur m'chaka cha 1667, nayenso kutali ndi kwawo. Mafumu amenewa ankamanga zipinda za magalasi zimene ankakhalamo masiku owerengeka chabe. Ndipo m'chaka cha 1679 Aurangzeb anabwezeretsa jizya uja, ngati kuti zaka zoposa 100 za utumiki zinali mame.

Mkulu wa ku Udaipur akanamva zimenezi akanagwedeza mutu mokhutira. Komabe ndikayang'ana pa zenera ndikuona magetsi a mzinda umene unamangidwa ndi mdzukulu wa anthu omwewo, pa nthawi imene ufumu wa Mughal unali utayamba kugwedezeka, ndipo banja lake linatsala chiimire ufumu umene linkautumikira utatha. Sindikufuna kuweruza pakati pa awiri aja, ndipo palibe anandipempha kutero.

Ndatenga cholembera ndi kulemba m'mphepete mwa kapepalaka, pambali pa Bharmal, mawu akuti "mwana wake wamkazi", ndipo pambali pa Bhagwant Das ndalemba "Man Bai". Manda ake ali ku Khusro Bagh, mumzinda wa Prayagraj, pafupi ndi a mwana wake amene anafera m'manja mwa mbale wake m'chaka cha 1622. Ndi kutali ndi kuno, ndipo masiku anga atsala ochepa. Ndimaganiza zoti mawa ndibwererenso ku Amber kukamufunsa mnyamata uja ngati pali chipinda chilichonse m'bwalo lija chimene amachitchula ndi dzina la mwini wake, koma mwina adzangosekanso.