Zikomo nonse amene munandigwira dzanja mpaka tsiku la Saul

Masiku atatu oimba Saul, nyimbo yaitali ya wopeka nyimbo wakale Handel, atha, zovala tabweza, koma mawu anga akadali osasa. Ndisanabwerere ku mashifiti a usiku ndati ndithokoze. Anzanga a mukwaya ndawathokoza kale m'Chingerezi, apa ndikulankhula ndi inu a kwathu.

Achimwene akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti kodi chimenechi ndi sewero kapena kwaya. Ndi zonse ziwiri. Handel anapeka nyimboyi mu 1738, ndipo inaimbidwa koyamba ku King's Theatre mu London pa 16 Januwale 1739. Mawu ake anakonza ndi Charles Jennens, potsata nkhani ya Sauli, Davide ndi Yonatani ya m'mabuku a Samueli. Nthawi imeneyo nkhani ya m'Baibulo sankaisewera pa siteji. Oimba ankangoima ndi mabuku m'manja, popanda zovala za sewero. Kwaya yathu ya kuno ku Yorkshire inaganiza zoichita ngati opera: buku pansi, aliyense aloweze pamtima, ayende, agwade, avine.

Pamenepo ndiye panali nthabwala. Azimayi amene aimba Handel zaka makumi atatu anasowa pogwira atalandidwa buku. Ine wokulira m'kwaya ya mpingo, kumene nyimbo timaigwira ndi khutu mapazi akugunda pansi, ndinapezeka ndine mphunzitsi. Pamalo pamene akazi a Israeli akulandira Davide, timabelu tikulira, akumuimbira kuti Sauli wapha zikwi koma Davide zikwi khumi, ndinawauza kuti amasule chiuno pang'ono. Mukavina mouma, nsanje ya Sauli ichokera pati?

Kutatsala masabata asanu, foni inalira ndili kuntchito. Amayi anatisiya ku Dedza.

Amayi a Chimalawi a kuno, sindidziwa kuti ndiyambire pati. Usiku womwewo munadzaza nyumba yanga, mwamanga zitenje pamwamba pa majekete, wina wabwera ndi ufa, wina mpoto waukulu. Chipepeso chanu ndicho chinagula tikiti ya ndege. Anaphiri, munatenga ana anga masabata awiri, kuwaperekeza kusukulu m'chisanu chija, osadandaula. Mnzanga wa kuntchito amene anagwira mashifiti anga anayi, Mulungu amuonjezere pamene pachepa. Achimwene, munayendetsa zonse za maliro ine ndili m'njira, ndipo munadikira kuti ndione nkhope ya amayi. Zikomo.

Nditabwerako ndinalembera wotsogolera sewero kuti andichotse. Ndinali nditaphonya mapulakatisi asanu ndi limodzi, komanso ndinkaopa gawo lachitatu. Muja Sauli akapita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori, mzimu wa Samueli n'kumuuza kuti mawa afa, kenaka mitembo ya Sauli ndi Yonatani imabwera pa nyimbo ya maliro yotchedwa Dead March. Ilibe mawu. Ndi zitoliro, malipenga, zoimbira za zingwe ndi ng'oma zikuluzikulu zogunda mwapatalipatali. Ndipo ine ndinali m'gulu loyenda kumbuyo kwa machira.

Anandiyankha mwachidule kuti malo anga alipo, ndikalephera kuimba ndingoyenda. Mayi wina wa alito, wachikulire ndithu, ankabwera kunyumba Lachiwiri lililonse kudzandionetsa mayendedwe amene ndinaphonya. Tinkasuntha tebulo la pabalaza, mipando n'kukhala asilikali.

Usiku woyamba ndinafika bwino mpaka pa machira paja. Ng'oma itagunda ndinaona msewu wa kumanda wa kwathu, fumbi, amvano atavala zoyera. Kwaya italowa kulira maliro a Israeli, pakamwa panga sipanatuluke kanthu. Mayi wa alito uja anandigwira chigongono, tinayenda choncho mpaka kuseri. Usiku wachiwiri ndinaimba theka. Wachitatu ndinaimba yonse.

Inu khumi ndi awiri amene munabwera Loweruka, kukhala pafupifupi maola atatu pa nyimbo yomwe ena simunaimvepo chibadwire, ndinakumvani. Nthungululu ija pomaliza ndinadziwiratu kuti ndi Anaphiri. Azungu a pamzere wakutsogolo anatembenuka onse, ndipo wotsogolera nyimbo wandifunsa kale ngati mudzabwerenso chaka chamawa.