Sabata yachinayi ndi ma log: yankho limene linazembera

Masabata atatu apitawa ndinkangobwereza malamulo atatu a ma logarithm (mwachidule ma log; log imatiuza kuti nambala ina ichulukitsidwe yokha kangati kuti ipereke nambala imene tapatsidwa) madzulo aliwonse mpaka ndinawaloweza: kuchulukitsa kumasanduka kuphatikiza, kugawa kumasanduka kuchotsera, ndipo pawa (kanambala kolembedwa pamwamba, ngati 3 mu 2³) imatsika n'kudzakhala kutsogolo kwa log. Sabata ino ndi imene ndayamba kuwagwiritsa ntchito pa samu za algebra zofufuza x.

Imene yandidyera nthawi kwambiri ndi iyi: log₂ x + log₂ (x − 2) = 3.

Lolemba ndinaiona ngati yosavuta. Ma log onse awiri base yawo (kanambala kolembedwa m'munsi mwa log) ndi 2, ndiye ndinawaphatikiza kukhala log₂ [x(x − 2)] = 3. Ndikafika pamenepa ndimadzifunsa funso limene landithandiza kuposa malamulo onse aja: kodi ndi ma 2 angati ochulukitsana amene akupereka zili m'katizi? Apa ndi atatu, ndipo 2 × 2 × 2 ndi 8. Choncho x(x − 2) = 8, kapena kuti x² − 2x − 8 = 0, yomwe imagawika kukhala (x − 4)(x + 2) = 0. Ndinalemba x = 4 ndi x = −2, n'kutseka kope mtima uli m'malo.

Lachiwiri ndinabweza mayankhowo mu samu yoyamba ija kuti ndiwayese. 4 analowa bwinobwino: log₂ 4 ndi 2, log₂ 2 ndi 1, pamodzi 3. Koma −2 anakanika. Palibe pawa imene mungaike pa 2 n'kupeza nambala yochepera ziro. Ngakhale pawa ya −10 imapereka 1/1024, kanambala kakang'ono kwambiri koma kadakali pamwamba pa ziro. Kakyuleta nayo inangolemba kuti error.

Ndinakhala nthawi ndithu pensulo ili m'manja, ndikufufuza pamene ndinalakwitsa. Mzere uliwonse unali wolondola. Kenako ndinazindikira kuti x akakhala −2, x − 2 ndi −4, ndipo −2 × −4 ndi 8, ndiye mu samu yophatikizidwa ija −2 amakwana ndithu. Anazembera pamene ndinasandutsa ma log awiri kukhala imodzi, chifukwa manambala awiri a negative akachulukitsana amabereka positive, pomwe log iliyonse payokha sikanamulola. Zimenezi zinandisangalatsa kuposa yankho lenilenilo. Tsopano ndisanayambe samu yotere, pakona ya tsamba ndimalemberatu malire ake; ya iyi ndi x > 2.

Ya 3ˣ = 20 sinavute. Ndinaika log ya base 10 mbali zonse, x n'kutsika: x = log 20 ÷ log 3, ndiko kuti 1.3010 ÷ 0.4771, pafupifupi 2.727. Zikumveka, popeza 3² ndi 9 ndipo 3³ ndi 27.

Chizolowezi china chimene ndikulimbana nacho ndi cholemba log (a + b) ngati kuti ndi log a + log b. Dzanja limangothamangira kumeneko. Choipa n'chakuti ukayesa ndi 2 ndi 2 zimaoneka zoona, poti 2 + 2 ndi 2 × 2 zonse zimapereka 4. Yesani ndi 2 ndi 3 muone: log 5 ndi 0.6990, pomwe log 2 + log 3 ndi 0.7781, yomwe ndi log 6.

Loweruka ndinadzipatsa kasamu kongosangalala nako: kodi 2¹⁰⁰ ikalembedwa yonse imakhala ndi madijiti angati? Log 2 ndi 0.30103, kuchulukitsa ndi 100 ndi 30.103, ndiye nambalayo ili pakati pa 10³⁰ ndi 10³¹. Madijiti ake ndi 31, ndipo ndinapeza zimenezi mu mzere umodzi. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene John Napier wa ku Scotland ankafuna pamene anatulutsa matebulo ake mu 1614, ndi chifukwa chake Henry Briggs anadzakonza a base 10. Anthu owerengera kayendedwe ka nyenyezi ankachulukitsa manambala ataliatali pamanja, ndipo ma log anawasandutsira ntchito yonseyo kukhala kuphatikiza.

Sabata yamawa ndiyamba zosintha base. Ndakopera kale samu yoyamba pamwamba pa tsamba latsopano: log₂ x + log₄ x = 6.